Foni ya Achimwene pa Tsiku la Dirafuti

Mwezi wa Epulo ukafika, anthu a ku Washington amagwidwa ndi matenda amene sindinawaonepo kwina. Mpira wawo wogwetsana uja umakhala utatha kalekale, kubwalo kuli zii, koma iwo ndi pamene amayamba kukangana ngati abale pa chuma cha masiye. Nkhani yake imakhala dirafuti. Amenewa ndi masiku, kalelo anali awiri, amene matimu akuluakulu amasankha anyamata ochokera m'makoleji, mosinthanasinthana, dzina limodzi pa nthawi, dziko lonse likuonera pa TV. M'zaka za m'ma 1990 ndinkagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Laurel, ndipo kumeneko ndinaona nkhalamba zoiwala mayina a ana awo zikukumbukira bwinobwino mnyamata amene timu inamusankha molakwika zaka zambiri zapitazo.

Ndinkawaseka mumtima. Ine ndikusintha nsalu za pabedi, kawailesi kali pawindo, amuna a ndevu zawo akuimba foni kuwailesiko n'kumadandaula ngati aberedwa mbuzi. Timu ya mumzindamo inali itazolowera kupambana, kenako inagwa chagada, ndiye chaka chilichonse ochemerera ankayembekezera kuti kamnyamata kena kosadziwa ngakhale kuchapa masokosi ake kadzawapukuta misozi. Akasankha uyu, ankafuna uyo. Akasankha uyo, ankati bwanji sanamusiye. Ndinkati awa ndi mavuto a anthu okhuta.

Kenako matendawo analowa m'nyumba mwanga, ndipo amene anawabweretsa ndi mwana wanga yemwe.

Tinachoka naye ku Ntcheu ali wamng'ono woti ndinamubereka kumbuyo pokwera ndege. Chakudya cha kuno chinamuyanja. Pofika ku sekondale anali akuwerama polowa pakhomo, ndipo nsapato zake ndinkachita kuzifunafuna m'masitolo ngati mankhwala osowa. Aphunzitsi anamukokera ku mpira, mpirawo n'kumutengera ku koleji ina yaing'ono kumapiri a ku Virginia. Ntchito yake m'bwalo inali kuima kutsogolo n'kumakankhana ndi zimphona zinzake kuti woponya mpira asagwetsedwe. Mpira weniweniwo sankaugwira n'komwe. Ndikapita kukaonera ndinkakhala nditatseka maso theka la nthawi, koma iye ankaukonda ndi mtima wake wonse. Anali mwana wosalankhulalankhula, woti kunyumba unkachita kumufunsa kawiri kuti umve mawu ake. Koma ndikamuona akutuluka m'bwalo ali matope okhaokha, akuseka ndi anzake mano onse pamtunda, ndinkadziwa kuti kumeneko ndi kumene mwana wanga amapuma bwino.

Abambo ake, amene ankayendetsa galimoto yoperekera katundu ku Fairfax, anasanduka wochemerera woposa eni dziko. Chipewa cha timu ya mumzinda ankachivulira pakhomo la tchalitchi penipeni. Malamulo a mpirawo ankawadziwa pang'ono, koma kukalipa ankakudziwa konse.

M'chaka chake chomaliza ku koleji kunabwera bambo wina wofufuza osewera, wotumidwa ndi timu ina yaikulu. Anamuyeza msinkhu, anamuyeza manja, anamuthamangitsa, kenako anamuuza zoona zokhazokha. Anati koleji yako ndi yaing'ono, ndiye usadalire kumva dzina lako pa TV. Koma dzina lomaliza likangotchulidwa, matimu onse amathamangira pa foni kuitana anyamata otsala kuti abwere kudzayesedwa, ndipo zimenezo zimatha pa kanthawi kochepa. Anati ukhale pafupi ndi foni, chifukwa timaimba kamodzi. Tikapeza ili engeji timapita kwa wina, poti anyamata ndi ambiri, malo ndi ochepa. Mwana wanga anamupatsa nambala ya kunyumba kwathu.

Anatifotokozera zonsezi patebulo, m'Chingerezi chake chothamanga chija. Chichewa ankachimva chonse, koma poyankha ankayankha m'chilankhulo cha kusukulu. Abambo ake anangotolapo mawu amodzi, akuti kusankhidwa. Ife amene tinalemba mayeso a Sitandade 8 kumudzi, kusankhidwa tinkakudziwa bwino. Mayina amatuluka, lako lilipo kapena palibe. Ngati lilipo amakuphera nkhuku, ngati palibe umalira n'kukabwereza kalasi. Palibe amene amakuitana pambuyo pake kuti bwera tikuonenso. Choncho gawo loyamba la nkhaniyo abambo analisunga, lachiwirilo linalowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Foni yathu inali imodzi, yapakhoma kukhitchini, ya chingwe chopotana chija. Kale tinali ndi kaja kamalira m'khutu kukudziwitsa kuti wina akuimba iwe uli pakati polankhula, koma abambo anakachotsetsa tsiku limene kanalira iwo akulankhula ndi abusa. Ankati kuuza munthu wamkulu kuti tadikirani kaye pali wina ndi mwano, ndipo m'nyumba mwawo simudzakhala mwano wochita kulipira mwezi ndi mwezi. Mwana anapempha kuti akabwezeretse. Iwo anati palibe chifukwa, alengeza kutchalitchi kuti masiku awiriwo munthu asayerekeze kutiimbira. Analengezadi, ndipo anthu anamvera. M'malo moimba foni anabwera okha.

Sabata yonseyo mzinda unali wopenga. M'basi, m'sitolo, m'chipinda chimene tinkadyeramo ku ntchito, aliyense anali ndi mnyamata wake amene ankafuna kuti timu itenge, ndipo aliyense ankadziwa bwino kuposa olembedwa ntchitoyo. Nyuzipepala zinkalosera kuti uyu apita uku, uyu apita uko. Pa nthawi yopuma ndinkatenga tsamba la masewero, ine amene ndinali ndisanaligwirepo chibadwire, n'kumayendetsa chala m'munsi mwa mayinawo. La mwana wanga munalibe. Ndinkapinda tsambalo bwinobwino n'kulibwezera pamene ndalipeza.

Loweruka kanyumba kathu kanadzaza mpaka ena anakhala pansi. Amayi a kutchalitchi anabwera ndi mandasi, mpunga ndi nkhuku ngati pali chinkhoswe. Ndinawauza kuti sagula mbereko mwana asanabadwe, iwo anati ndisiye kulodza mwana wanga yemwe. Panalinso mnzawo wa abambo, Mzambiya wa ku Lusaka amene ankakhala ku College Park, munthu wa mawu aakulu woti akamanong'ona oyandikana nafe ankamva. Mwana wanga anakhala pakona atavala shati yake ya kutchalitchi, manja ali pa maondo.

Itafika nthawi ya timu ya mumzinda, m'nyumba munati zii. Bambo wa suti pa TV anawerenga dzina. Lisanathe n'komwe kutuluka pakamwa pake, ochemerera amene anali m'holo mmene ankasankhiramo anayamba kukuwiza. M'nyumba ya pamwamba pathu, mzungu amene tinkangopatsana naye moni pamasitepe anaponda pansi mpaka nyale yathu inagwedera. Abambo anaponyera chipewa kukhoma.

"Manje aba bantu baganiza chani?" anatero Mzambiya uja. "Uyu mwana sazachita chilichonse, ba mudala. Bataya chabe pick, mwayi wonse wosankha."

"Atipha chaka chinanso," anatero abambo, ngati kuti iwo ndi amene adzagwetsedwe m'bwalo.

Pa TV anaonetsa mnyamata wosankhidwayo akudzuka, suti yomuthina m'mapewa, akuyesa kumwetulira anthu akumukuwiza. Pambali pake panali mayi ake atavala chipewa chachikulu cha kutchalitchi, akupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. Ndinayang'ana mayiyo ndipo mtima unandipweteka. Anamuchapira mwanayo zovala zaka zonsezo, ndiye pa tsiku lake lalikulu anthu osamudziwa akumutukwanira iye ali pomwepo. Ndinati, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, tamusiyani mwana wa eni." Palibe anandimva. Mwana wanga yekha ananena chapansipansi, "He's good, Dad. He's really good," koma abambo ake anali kalikiliki kufotokozera Mzambiya uja za mnyamata wina amene akanayenera kusankhidwa, yemwenso iwo anali asanamuonepo akusewera.

Tsiku limenelo linatha choncho, ndipo sitinadabwe, poti mayina a Loweruka amakhala a ana a m'makoleji otchuka.

Lamlungu m'mawa, ndikumanga duku kuti tizipita kutchalitchi, abambo ananena nkhani ina ngati yopanda ntchito. Anati madzulo ano alamu akhala ali pa boma kudikira uthenga. Ndinasiya kumanga dukulo. Alamu awowo ndi achimwene anga aakulu, eni mbumba yathu, amene anandilera bambo athu atamwalira. Kumudzi kwathu kunalibe foni. Kuti alankhule nafe ankapalasa njinga mpaka kumsewu, n'kukwera matola mpaka pa boma, kunyumba ya wachibale wina amene anali ndi foni. Akafika ankaimba n'kungoti tafika, n'kudula, ife n'kuwaimbira. Zimenezi zinkachitika mwina kamodzi pa chaka. Abambo anali atatumiza uthenga kalekale, kudzera mwa mayi wina amene ankapita kumudzi, woti alamu abwere pa boma Lamlungu limeneli adzamve okha za kusankhidwa kwa mphwawo, mwana wa mlongo wawo. Anachita zimenezi chifukwa cha ulemu. Mkamwini sangasunge nkhani yaikulu ya mwana, mwini mbumba n'kudzaimva kwa anthu apanjira.

"Bambo, mwana anati nthawi yofunika ndi pamene mayina atha," ndinatero.

"Mayina akatha ndiye kuti zatha," anayankha. "Ndiponso alamu ndi moni chabe, mphindi ziwiri."

Moni wa achimwene anga ndinkaudziwa kuyambira ndili mwana. Munthu akakumana nawo popita kuchigayo ankakapeza chigayo chitatseka. Koma panalibe njira yowauzira kuti asabwere, poti nthawi imeneyo n'kuti ali kale pa matola. Kutchalitchi ulaliki sindinaumve. Ndinkangopempha kuti dzina la mwana wanga lituluke pa TV nkhani ithe, apo ayi matolawo aphulike tayala popanda wovulala.

Masana anthu anabweranso, ocheperapo koma aphokoso kuposa dzulo lake. Tsiku lachiwiri mayina sachita kuwawerenga mwaulemu, amangodutsa m'munsi mwa TV ngati nyerere, anthu a masuti akucheza zina. Nthawi ya timu ya mumzinda ikakwana onse ankaimirira. Dzina la mwana wina likatuluka ankakhala pansi akutukwana. Ameneyo ndiye ndani, koleji imeneyo ili kuti, akusiya mwana wathu ali pompano n'kukatola zinyalala kutali. Mayi wina anandikokera pambali n'kundifunsa ngati tinakaonana nawo osankhawo, poti zinthu zotere siziyenda popanda wokudziwa. Onsewo ankaganiza kuti akumulimbikitsa mwanayo. Ine ndinkaona khosi lake likulowa m'mapewa pang'onopang'ono, chifukwa zinyalala ankanenazo zinali anyamata onga iye, a m'makoleji osadziwika, ndipo iye akanapereka chilichonse kuti akhale mmodzi wa iwo. Ndinalakalaka kuwathamangitsa onse, koma munthu wabwera ndi mbale yake ya mpunga ungamutulutse bwanji?

Dzina lomaliza linadutsa dzuwa lisanalowe. Abambo anazimitsa TV. Amayi a kutchalitchi anayamba kudzuka mmodzimmodzi kukagwira mwana wanga chanza ngati pasiwa. "Pepa, mwanawe, Mulungu ali ndi nthawi yake." Iye anawadutsa mwaulemu, anakokera mpando kukhitchini n'kukhala m'munsi mwa foni muja.

"It's not over. It starts now," anatero. "Please, nobody touch the phone."

Nkhope yake inali yowala kuposa masiku awiri onsewo. Nthawi imene iye ankadikira inali imeneyi.

Foni inalira. Anaitola isanamalize kulira koyamba.

"Hello, yes sir," anatero ataimirira. Kenako ndinaona mapewa akugwa. Mawu a achimwene ankamveka mpaka pamene ndinaima, poti iwo ankakhulupirira kuti ku Amereka ndi kutali ndiye munthu ayenera kukuwa. "Tafika kuno. Imbani." Ndipo anadula.

Abambo anali atatulutsa kale khadi loimbira kunja m'thumba la shati.

"Dad, please. One hour. Just give me one hour."

"Kumudzi ndi usiku tsopano," anatero abambo. "Eni nyumba akufuna kugona. Munthu wamkulu wayenda ulendo wonsewo chifukwa cha iwe, ndiye timusiye akhale pa mpando wa eni ngati wopempha? Mphindi ziwiri zokha."

Ndinati pali foni yoponya ndalama pomwetsera mafuta pakona paja, tiyeni tikaimbire kumeneko. Anati sangalankhule ndi alamu awo ataima pamsewu malole akudutsa, ndiponso ine ndi mwana tiyenera kupereka moni, nanga tonse tikaunjikana pamsewupo? Ananena zimenezi pamaso pa alendo, ndipo pamaso pa alendo sindikanawalanda khadi m'manja. Mwana anadzuka pa mpando paja n'kuwapatsa malo. Anali wamkulu woti akanawanyamula ndi dzanja limodzi n'kukawakhazika pabalaza, koma tinamulera ndife, ndipo tinamulera bwino.

Kupeza Malawi masiku amenewo sikunali kophweka. Unkadina manambala ambirimbiri a pakhadi, kenako a kumudzi, n'kumva phokoso ngati la mvula pa malata, kenako zii, n'kuyambiranso. Abambo anayambiranso kangapo, ndipo mphindi ziwiri zija zinathera pomwepo. Atalumikizana anaimirira, dzanja lina lili pachifuwa, akuweramira khoma.

"Alamu, muli bwanji kumeneko? Ife tili bwino ndithu. Nanga akunyumba? Nanga ana? Mvula yakhala bwanji chaka chino?"

Achimwene sanabwere okha. Anali ndi akazi awo ndi msuweni wathu wina, kuphatikizapo eni nyumba amene sakanasiyidwa osathokozedwa. Aliyense analandira foni, aliyense anafunsa za aliyense wa ife, ndipo aliyense anayankhidwa. Atafunsa za mnyamata, abambo anakhosomola n'kunena kuti zikuyenda, zikuyenda ndithu. Mwana wanga anaima motsamira firiji, maso ali pa wotchi ya pa chitofu.

Foni itafika kwa ine ndinalimba mtima. Nditangopereka moni ndinati, "Achimwene, mwanayu akudikira foni ya ntchito pa nambala yomweyi. Tikuimbirani mawa."

"Mawa m'mawa ndikhala ndili pa matola, mlongo wanga," anatero mofatsa, osakwiya n'komwe. "Chaka chathunthu osamva mawu ako. Tandilola ndikuuze za kuno, kenako ndikusiya."

Za kuno zijazo anali maliro. Zaka zimenezo kumudzi anthu ankamwalira ngati nkhuku za chitopa, achinyamata okhaokha. Anayamba kutchula mmodzimmodzi. Mwana wa azakhali. Mnzanga amene ndinkatunga naye madzi, kenako mwamuna wake, kenako khanda lawo. Pa munthu aliyense ndinayenera kunena pepani, kufunsa kuti anadwala nthawi yaitali bwanji, anaikidwa kuti, ana otsala ali ndi ndani. Munthu angadule bwanji pakati pa maliro a mnzake wa paubwana n'kunena kuti fulumirani, kuno tili ndi za mpira? Ndinasowa mtengo wogwira. Ndinkalira, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti misozi ya akufa aja inali iti ndipo ya mwana amene anaima patsogolo panga inali iti.

Kenako achimwene anati, "Ndipatse mphwanga."

Mwana analandira foni ndi manja awiri monga tinamuphunzitsira. Achimwene, pokhulupirira kuti zikuyendadi, anayamba malangizo. Poti wasankhidwa usadzikweze, uzimvera mabwana ako, usaiwale mayi ako, usathamangire akazi. Ndinkamva mwana wanga akuyankha ndi Chichewa chake chochepa chija, "Inde, amalume. Zikomo, amalume. Ndamva, amalume." Pomaliza achimwene anati tipemphere. Mwana anatukula foni m'mwamba kuti onse amve, ndipo nyumba yonse inaweramitsa mitu, ndi Mzambiya uja yemwe. Kuchokera ku Ntcheu, achimwene anapempha Mulungu kuti amutsegulire mphwawo makomo onse, pasakhale chotchinga panjira yake. Anapemphera ndi chikondi chenicheni, ndipo anapemphera nthawi yaitali.

Pamene foni inabwerera pakhoma n'kuti kunja kukuyamba kuda. Ola limene mwana anapempha lija linali litapita lonse. Alendo anatola mbale zawo n'kumatuluka mwakachetechete, ena atayamba kuzindikira poona nkhope ya mwanayo. Iye anakhalanso pa mpando paja. Pakapita kanthawi ankatukula foni, kumvetsera ngati ikugwira ntchito, n'kuibwezera msangamsanga. Ndinamuikira chakudya pambali koma sanachikhudze. Abambo anakhala pabalaza kuyang'ana TV yozima. Foni sinalirenso.

Lolemba mwana anaimbira ku ofesi ya bambo wofufuza uja. Anayankha mayi wina, amene anati malo onse anadzaza dzulo lomwelo. Atafunsa ngati iye anaimbiridwa, mayiyo anati anthu ambiri ankaimba nthawi imodzi m'zipinda zosiyanasiyana, ndiye sangadziwe. Mwana anasiya uthenga. Bamboyo sanayankhe.

Ine ndinapita ku ntchito, poti okalamba sadikira. Kawailesi kanali pawindo monga mwa masiku onse, ndipo mzinda wonse unali pa foni. Wina anati atentha chipewa chake. Wina anati wakhala akuchemerera timuyi kuyambira ali mwana koma lero wasiya, kenako anafunsa kuti masewero ayamba liti. Wina anatchula mnyamata amene anasankhidwa chakumapeto n'kunena kuti ameneyo satha ngakhale sabata, abwerera kwa mayi ake. Gogo wina amene ndinkamusambitsa, munthu wabwino ndithu woti ankanditcha mwana wake, anandigwira mkono n'kundifunsa ngati ndamva zimene achita anthu opusa a timuwa. Ndinati ndamva. Anati ataya mwayi pa ana opanda pake. Ndinamupukuta msana, ndinamuveka shati, ndinamupesa tsitsi. Onsewo anali ndi kokadandaula, anali ndi nambala yoimbira ndiponso munthu wowamvetsera. Ine ndikanaimbira ndani, ndipo ndikanadandaula za ndani? Achimwene anachita zimene malume amachita. Abambo anachita zimene mkamwini amachita. Mwana naye anachita zimene tinamuphunzitsa.

M'nyumba nkhaniyo sitinaikambe. Abambo anayamba kunyamuka m'mamawa ndi kubwera mochedwa, ndipo akalowa ankacheza ndi mwana za mafuta a galimoto. Ndinawapsera mtima masiku angapo, ndinakonza ndi mawu omwe oti ndiwalase nawo. Koma tsiku lina ndinawapeza ataima okha kukhitchini akungoyang'ana foni ija pakhoma, ndipo mawu amene ndinakonza aja ndinawataya. Pambuyo pake mwana anamaliza koleji, anapeza ntchito pa kampani ina, ndipo mpirawo sanausewerenso.

Koma sabata yomwe ija, asanabwerere ku koleji, anabwera kudzanditenga ku ntchito. Ndinamupeza poimika magalimoto, mpando ataukankhira kumbuyo mpaka pomaliza, wailesi ikulira. Anthu aja anali akudandaulabe. Nditalowa anaizimitsa, koma galimoto sanailize. Anagwira chiwongolero ndi manja awiri, maso ali kutsogolo.

"Amayi," anatero, "mukuganiza kuti anaimba?"

Ndikanati inde anaimba, ndiye kuti ndikumuuza kuti anali woyenera, koma abambo ake, amalume ake ndi ine tinamulanda mwayiwo ndi manja athu. Ndikanati ayi, ndiye kuti ndikumuuza kuti palibe amene anamufuna, ndipo zaka zake zonse zija zinapita pachabe. Ndinafunafuna yankho lachitatu loti mayi angapatse mwana wake, koma sindinalipeze.

"Sindikudziwa, mwananga," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anandiuza kuti ndimange lamba, n'kuliza galimoto.